Mapoto a Kadontho Kofiira

Mangere, Auckland
3 Malichi 2003

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno tili moyo, ine ndi mdzukulu wanu Heilala. Mano ake akutsogolo amera, aakulu ngati anu omwe.

Mwezi uno musavutike kupita kupositi, sinditumiza kanthu. Ntchito ija yogulitsa mapoto khomo ndi khomo ndaisiya, ino ndi sabata yachiwiri. Sindinabe ndipo sindinatukwane munthu, zina musandifunse. Ndapita ku ofesi ya boma kukalembetsa penefiti, ndalama imene amapatsa munthu wopanda ntchito kufikira atapeza ina. Koma akuti poti ndinachoka ndekha, osachita kuchotsedwa, mwina ndidikira masabata khumi ndi atatu ndisanalandire kalikonse. Nkhani yanga akuiunikabe.

Eni nyumba sangadikire masabata onsewo. Azakhali a Kalolaine akuti zikavuta tikakhale m'galaja mwawo ku Otahuhu. Ndawathokoza, koma mtima wanga sukufuna.

Nkhumba ija yaswa? Denga la kukhitchini munalikonza, kapena mukudikira mphepo ina idzakuthandizeni kuligwetsa? Mundilembere.

Mwana wanu,
Uinise


Pangai, Ha'apai
19 Malichi 2003

Mwana wanga Uinise,

Kalata yako yafika dzulo, itagona masiku asanu ndi anayi padoko la Nuku'alofa chifukwa sitima inafa injini. Bondo likadalipo, timagona limodzi. Nkhumba yaswa tiana tisanu ndi tiwiri, koma uwerenge tisanu ndi kamodzi. Abusa anadutsa Lachiwiri n'kunena kuti kamawangamawanga n'kokongola, ndiye ukudziwa kale kuti si kathunso.

Za ndalama usade nkhawa, chinangwa chilipo ndipo nyanja sinaume. Chimene chandisowetsa mtendere ndi penefiti wakoyu. Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi chimodzi koma zoterezi sindinazimvetsepo. Boma limadziwa bwanji kuti munthu alibe ntchito? Limatuma munthu kudzasuzumira pawindo kuti aone ngati wakhala pansi? Nanga msodzi amene wakhala m'bwato tsiku lonse osagwira nsomba, ali pantchito kapena ayi?

Ndiye palinso ichi. Wothamangitsidwa, amene mwina ndi mlesi, alandire lero. Wochoka yekha mwaulemu, atatsanzika bwinobwino, adikire miyezi itatu. Kodi kumeneko kuthamangitsidwa ndi mwayi? Ndinakafunsa amuna anzanga tikumwa kava, chakumwa chathu cha mizu chija. A Taniela akuti ukanangomuponda phazi bwana wakoyo kuti akuchotse. Ndawauza kuti mwana wanga sanaleredwe ndi mbuzi.

Wati ndisafunse, koma safunsa anadya phula. Unachokeranji? Chaka chatha unkalemba kuti mapoto akuyenda malonda, mpaka unandigulira wailesi. Kodi bwanayo anakunyoza? Kapena pali mwamuna wina amene wakuuza kuti mkazi wake sayenda m'makomo mwa anthu? Ngati alipo nditumizire chithunzi, ndione kaye mphuno yake.

Za galaja, usanyoze. Azakhali ako ndi mlongo wanga wamkulu, denga lawo ndi ulemu kwa ife.

Bambo ako,
Manase


Otahuhu, Auckland
22 Malichi 2003

Mlongo wanga Manase,

Moni m'dzina la Ambuye. Ine shuga yandipanikiza koma ndikuyenda.

Ndakutumizira bokosi pa sitima ya katundu. Chimwalirireni mkazi wako ukuphikira m'chipoto chobooka chija, anthu obwera kuno amandiuza, ndipo manyazi amagwa pa ine. Muli mapoto asanu ndi limodzi. Usawabwereketse kwa akazi a kumpingo, sabweza.

Mwana wako Uinise wasiya ntchito osandiuza chifukwa. Ana a masiku ano. Ndamuuza kuti galaja ndasesa kale. Iye akagona m'menemo, koma Heilala agona m'nyumba ndi ine. Ukudziwa kuti Mulungu anandipatsa anyamata okhaokha, ndipo onse ali ku Sydney. Kamtsikanako kandigwira mtima. Ndikatenga kakhale kanga, ndikalere ine, monga amayi athu anatengera Losaline wa achimwene awo. Uinise akadali wamng'ono, adzabereka ena.

Unditumizire mikeka iwiri yabwino, kuno kuli ukwati mu Juni.

Mlongo wako,
Kalolaine


Mangere
2 Epulo 2003

Okondedwa Bambo,

Ndaseka ndekha powerenga kalata yanu, koyamba m'mwezi wathunthu. Mwamuna kulibe, mphuno yoti muione kulibe. Muwauze a Taniela kuti nzeru yawo yabwera mochedwa.

Ndikuyankheni, aphunzitsi. Pawindo sasuzumira. Amakupatsa fomu, ndipo amalembera amene unkamugwirira ntchito kuti naye anene mbali yake. Za msodzi zija mwalasa, chifukwa ine ndinali msodzi ameneyo. Ntchito yathu inalibe malipiro a pamwezi. Kampani imakupatsa mapoto achitsanzo, umapita nawo panyumba ya munthu, umaphika ndiwo pamaso pake opanda madzi, iye n'kudabwa. Akagula, umadyapo kagawo kako, ndiye komishoniyo. Akapanda kugula, watha petulo ndi kabichi wako. Ogulitsa tinalipo khumi ndi awiri, mapoto ofanana, ndiye anga ndinawadontheza penti yofiira ya zikhadabo pansi pake kuti asasokonekere ndi a anzanga.

Pa fomu pali funso lakuti unasiyiranji ntchito. Akuti ukakhala ndi chifukwa chomveka sudikira masabata aja. Ine ndinalemba kuti zifukwa za kubanja. Mayi amene akuyendetsa nkhani yanga, a Rewiti, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Uinise, mawu atatu awa sangakudyetse. Zifukwa zanji?"

"Za kubanja, mayi."

"Bwana wako walemba kuti unachoka wekha ndipo mapoto achitsanzo sunabweze. Ndikawerenga zimenezi ndiganize chiyani? Unawagulitsa?"

"Sindinagulitse."

"Ali kuti nanga?"

Anandipatsa mpaka pa 9 Meyi kuti ndibwere ndi yankho, apo ayi adzalemba kuti ndinachoka popanda chifukwa. Eni nyumba nawo akuti pakati pa Meyi ndipereke makiyi ngati palibe chosintha.

Bambo, azakhali anandiuza za Heilala. Anandiuza ali chiimirire pakhomo, ngati akunena za nyengo. Tikangolowa m'galaja muja, mwana wanga wapita, ndipo inu mukudziwa kuti pakamwa panga sipangatuluke mawu owakaniza. Bambo ake anatisiya ali ndi miyezi inayi, ndamulera ndekha. Ndili ndi mantha.

Ntchito ndikufunafuna. Kufakitale ya mabisiketi akuti mwina mu Julayi.

Uinise


Pangai
8 Epulo 2003

Mwana wanga,

Yankho lako sindinalandirebe, kaya sitima yafanso, koma nkhani iyi singadikire. Azakhali ako anditumizira mapoto! Asanu ndi limodzi, onyezimira moti ndinadziona nkhope n'kuzindikira kuti ndakalamba. Chivundikiro chilichonse chili ndi kawotchi pamwamba, muvi wake umayenda poto akatentha. Dzulo ndinaphika nsomba popanda dontho la madzi monga kapepala kakunenera, ndipo inapsa. Theka la mudzi linabwera kudzaona. A Taniela akuti ndi zamatsenga, koma anadya kawiri.

Kodi ndi amtundu umene unkagulitsa uja? Ngati ndi omwewo, ndiye sindikumvetsa kuti munthu angasiye bwanji ntchito yogulitsa chinthu chodzigulitsa chokha. Uwathokoze azakhali ako, ayenera kuti analipira ndalama zambiri.

Chinthu chimodzi chandizunguza. Ukudziwa ine chinthu ndimachitembenuza. Pansi pa poto aliyense pali nambala yodinda, ndipo pambali pake pali kadontho kofiira, kopaka ndi dzanja. Ndayesa kukapala ndi chikhadabo, sikakuchoka. Ndi chizindikiro cha fakitale, kapena chimasonyeza mbali yoyang'ana kumoto? Iwe ndiye katswiri, undiuze.

Andilemberanso za Heilala. Ndi ulemu waukulu kuti mlongo wanga asankhe mdzukulu wanga, ndipo kwa iwe katundu apepuka. Ndikuganiza kuti wakondwa.

Bambo ako


Mangere
21 Epulo 2003

Bambo,

Makalata athu anaphonyana panjira. Pofika pano mwawerenga yanga ya pa 2, ndiye za kadontho kofiira mwadziyankha kale. Ndinalira nditawerenga yanu, kenaka ndinaseka, chifukwa ndinakuonani m'maso mwanga mutatembenuza poto pamaso pa theka la mudzi.

Ndikuuzeni zonse tsopano. Mu Januwale azakhali anandiitana kuti ndikaonetse mapoto kwa amayi a kumpingo kwawo. Ndinakondwa, ndinati lero ndigulitsa atatu. Ndinaphika, anthu anadya, anaombera m'manja. Ndikulongedza, azakhali ananyamula poto wamkulu, n'kumuzunguza m'manja.

"Koma ndiye ndi okongola mapoto akowa, mwana wa mlongo wanga."

Amayi khumi ndi asanu ankandiyang'ana. Munandilera ndinu, Bambo. Mlongo wa bambo ako akayamikira chinthu chako, umadikira kuti anene kawiri? Ndinati, "Ndi anu, azakhali." Anyamata a kumpingo anakaika bokosi kuchipinda, ine ndinabwerera ndi kabichi wotsala.

Ndinaganiza kuti bwana Doyle andipatsa ena. Anati achitsanzo amapereka kamodzi. Mtengo wa aja anadula pa komishoni yanga yonse ya Disembala, ndiye ngongole ndilibe naye. Koma mapoto ena anati ndigule ndekha. Ndinayenda masabata asanu ndi kabuku ka zithunzi. Ndani angagule poto wa madola mazanamazana poona chithunzi? Sindinagulitse ngakhale chivundikiro. Tsiku limene ndinathira petulo ndi ndalama ya chakudya cha Heilala, ndinakatsanzika.

Mayi Rewiti ndi munthu wabwino, ndikanawauza zimenezi mwina akanamva. Koma adzafuna dzina ndi umboni, ndipo zidzalembedwa m'mabuku a boma kuti Kalolaine anatenga katundu wa kampani. Mwina adzawaimbira foni. Ine ndiike dzina la mlongo wanu pa pepala lotero? Inu mungadzayang'anane nawo bwanji? Khoswe wakhala pamkhate, Bambo.

Mwati mukuganiza kuti ndakondwa za Heilala. Sindinakondwe. Mapoto ndinapereka ndi manja awiri, koma uyu ndi mwana wanga.

Musawalembere azakhali chilichonse, chonde. Iwo sakudziwa kuti mapoto aja ndiwo anandichotsa pantchito. Amaganiza kuti kampani ili nawo ambirimbiri.

Uinise


Pangai
29 Epulo 2003

Uinise mwana wanga,

Ndachita manyazi. Ndakhala ndikufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu, chonsecho yankho ndikudyeramo nsomba. Ndinafunsa za boma, za msodzi, za kadontho, koma sindinafunse ngati iwe ukufuna kupereka mwana. Undikhululukire.

Mapoto sindingabweze, ndi mphatso ya mlongo wanga, ndipo kuwabweza n'kumumenya mbama. Dzina lake sindingalembe, dzanja lingafote. Koma ndakhala pansi pa mtengo wa mango masiku awiri, ndipo ndaona kuti funso la mayi Rewiti si lakuti anatenga ndani. Anakufunsa kuti mapoto ali kuti. Limenelo ndingayankhe ine popanda kunama.

Kalata ili m'munsiyi ndailemba m'Chingerezi changa cha mkalasi, ukawapatse. Mapepala asanu ndi limodzi enawo usawataye poganiza kuti ndi zolembalemba za nkhalamba. Ndinaika pepala pansi pa poto aliyense n'kukhwekhwereza pensulo mpaka nambala inaoneka, monga tinkachitira ndi ndalama zachitsulo mu sitandade 3. Zonsezi ndapatsira mwana wa a Taniela amene akukwera ndege Lachisanu, sitima sindikuikhulupiriranso.

Kwa mayi Rewiti. Ine ndine Manase Fifita, mphunzitsi wopuma, bambo wa Uinise. Mapoto amene mukuwafuna ali m'khitchini mwanga ku Ha'apai, manambala ake ndi awa, muwafananize ndi a kampani. Mwana wanga sanawagulitse ndipo sanalandirepo senti. Kwathu kuno, wamkulu wa m'banja akayamikira chinthu chimene mwana ali nacho, mwanayo amapereka pomwepo. Ndinamuphunzitsa zimenezi ndine, ndi ndodo yomwe. Sindinamuphunzitse kuti achite chiyani chinthucho chikakhala cha kampani, chifukwa sindinkadziwa kuti kuli ntchito imene munthu amayenda ndi katundu wokongola m'nyumba za abale ake. Ngati pafunika dzina la wolakwa, lembani langa, pakuti ndine ndikuphikiramo. Ndipo ndikufunseni, mayi, poti ine ndimakonda kufunsa. Munthu amene wayenda masabata asanu osalandira kanthu, zida atalandidwa, wasiya ntchito, kapena ntchito ndiyo yamusiya?

Ukapite nayo molimba mtima. Ukandiuze zonse, ndi mmene ofesiyo imaonekera mkati.

Bambo ako


Mangere
12 Meyi 2003

Okondedwa Bambo,

Moni wa chimwemwe. Ofesiyo mkati ndi mipando yobiriwira yomangirira pansi ndi makina otulutsa manambala a pamzere, palibe chimene mwaphonya.

Mayi Rewiti anawerenga kalata yanu kawiri. Mapepala a pensulo aja anawayala patebulo, n'kuitana mnzawo wa tebulo lina kuti adzaone. Anaimbira kukampani, manambala onse anagwirizana, ndipo kalaliki wa kumeneko anavomera kuti mtengo wake anadula kale. Atatsitsa foni anandifunsa motsitsa mawu.

"Wamkulu amene anayamikira mapotoyu si bambo akowa, eti?"

Ndisanatsegule pakamwa, anakweza dzanja.

"Usayankhe. Nanenso ndili ndi azakhali, anandivula jekete pamaliro." Anaseka mpaka kupukuta magalasi. "Ndilemba kuti ntchito inalibe malipiro ndipo unalibe zida zogwirira. Chimenecho ndi chifukwa chokwanira. Ukawauze bambo ako kuti funso lawo ndalimva, ntchito ndiyo inakusiya."

Penefiti iyamba sabata yamawa. Ndi yochepa, koma ndaonetsa eni nyumba kalata ya boma ndipo makiyi akhala ndi ine.

Tsopano zimene ndikufuna mundiweruze. Dzulo titaweruka kutchalitchi azakhali anabwera, ndi amayi awiri a kumpingo. Ndinawauza kuti kugalaja sitibweranso. Anati zili bwino. Heilala anabweretsa tiyi, atavala diresi lake loyera, n'kukhala pansi mwaulemu monga ndinamuphunzitsira. Azakhali anamugwira chibwano, n'kumutembenuza nkhope uku ndi uku. Ndinawaona manjawo, Bambo, anali omwe aja anazunguza poto.

"Koma ndiye ndi wokongola mwana wakoyu, mwana wa mlongo wanga."

Amayi awiri aja anaika makapu pansi. Mawu aja oti "Ndi wanu, azakhali" anafika pakamwa okha, ndinawamva akukankha mano. Ndinawameza.

Ndinati, "Zikomo, azakhali. Wafanana ndi agogo ake. Ndikuthirireni tiyi wina?"

Tiyi anakana. Pochoka sanandipsompsone, ndipo mawindo a galimoto anatseka ndisanamalize kutsanzika. Ndinalowa m'nyumba, ndinapeza Heilala akumaliza mabisiketi a alendo.

Ndinu mphunzitsi, ndipo mwambo munandiphunzitsa ndinu. Mundiuze zoona, musandinyengerere. Ndalakwa?

Mwana wanu,
Uinise


Pangai
26 Meyi 2003

Mwana wanga Uinise,

Ndili bwino, bondo lili bwino pang'ono. Mikeka iwiri ya azakhali ako ndatumiza, ndawonjezerapo wachitatu, uja wabwino kwambiri wa amayi ako. Ukudziwa chifukwa chake, ndi wopepesera.

Funso lako sindinapite nalo ku kava, ndalisinkha ndekha. Ndalitembenuza monga ndinatembenuzira mapoto, kufuna pothawira, koma palibe. Wandipempha zoona. Pamwambo wathu walakwa, mwana wanga, walakwa ndithu.

Akadzabweranso, udzalakwenso.

Bambo ako,
Manase